LONJEZO LA NYUWERE LIFERA M'MUNDA

KATETE — Usiku wa pa 31 Disembala anthu ambiri m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi sagona. Ena acezera m'machalichi kupemphera ndi kuyimba, ena acezera pa mowa, ndipo ana azungulira mudzi kuomba zitini ndi zigubu. Ikakwana 12 koloko mfuu imveka ponse-ponse, ndipo nthawi yomweyo malonjezo ayamba kutuluka pakamwa. Bambo alumbira pamaso pa mkazi wace kuti kacasu sadzamwanso. Mnyamata ataya fodya wace m'thengo. Mai anena mumtima kuti caka cino sadzakalipiranso ana, ndipo mlimi awerengeratu matumba amene adzakolola cimanga cisanamasule n'komwe.

Kukaca, udzu uli pomwepo m'munda. Mvula ya Januwale siyembekeza munthu, ndipo amene anagona mocedwa apeza kuti anzace anapita kale kukapalira. Pofika pakati pa Febuluwale bambo uja wabwerera pa mpando wace wakale kwa ochereza kacasu, ndipo tsopano amwa ndi manyazi, podziwa kuti mkazi wace ndi ana anamva kulumbira kwace. Manyazi amenewa ndiwo oopsa koposa, cifukwa munthu amene wadziona kuti mau ace alibe mphamvu aleka kuyesa konse.

Izi sizicitika kumudzi kokha ai. Ku America, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Scranton, John Norcross, pamodzi ndi mnzace anatsatira anthu 200 amene anacita malonjezo a caka catsopano, ndipo zimene anapeza zinasindikizidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Patapita mlungu umodzi, anthu 77 mwa 100 ali onse anali cisungire lonjezo. Patapita zaka ziwiri anatsala 19 cabe. Amenewo anali anthu okhala m'dziko lolemera, opanda munda wowadikira m'mawa.

CAKA COYAMBIRA PAKATI PA NCHITO

Kuyamba caka pa 1 Januwale ndi mwambo wa Aroma. Julius Caesar ndiye anakonza kalendala yao zaka zoposa 2,000 zapitazo, ndipo mweziwo unachedwa ndi dzina la mulungu wao Janus, amene anali kumujambula ndi nkhope ziwiri, ina yopenya kumbuyo, ina kutsogolo. Tsikuli linafika kuno ndi amishoni ndi boma la atsamunda, ndipo palibe anafunsa ngati ligwirizana ndi nyengo za kuno.

Kwa mlimi wa kwa Kawaza, kwa Mbang'ombe kapena kwa Pembamoyo, Januwale si ciyambi ca kanthu. Ndi pakati peni-peni pa nchito: kupalira, kuthira feteleza, kubandira. Nkhokwe zambiri zayamba kuonetsa pansi, ndalama za mbeu zinatha kale, ana afuna mayunifomu ndi makope, ndipo ena asiya minda yao kukagwira ganyu kuti apeze ufa wa tsiku limenelo. Malungo naonso acuruka pamodzi ndi madzi. Kusenzetsa munthu wotere katundu wa kusintha moyo wace wonse usiku umodzi kuli ngati kuonjezera matumba pa ngolo imene yatitimira kale m'matope.

Ndiponso malonjezo ambiri akhudza zinthu zimene sizili m'manja mwa wolonjeza. Amene analumbira pa Nyuwere ya 2024 kuti adzakhoma malata pa nyumba ndi ndalama za cimanga sanali waulesi kapena wabodza. Mvula inadula, cimanga cinapsa ciri ciimire, ndipo pa 29 Febuluwale caka comweco Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse.

ZIMENE ZICITIKA KU MKAIKA

Pali njira ina yoyambira mwatsopano, ndipo anthu a dera lino aidziwa ngakhale saiganizira motero. Caka ndi caka, pa Ciweru cotsiriza ca mwezi wa Ogasiti, Acewa a mu Zambia, Malawi ndi Mozambique asonkhana ku Mkaika m'boma la Katete kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Mwambo wa Kulamba unaletsedwa ndi boma la atsamunda mu 1934, ndipo unadzutsidwanso mu 1984 ndi Kalonga Gawa Undi Chivunga. Mu 2007, patapita zaka zitatu Kalonga Gawa Undi Mkhomo V atalowa ufumu, atsogoleri a maiko onse atatu, Levy Mwanawasa, Bingu wa Mutharika ndi Armando Guebuza, anakhala pamodzi pa bwalo limeneli.

Alendo ambiri apitira magule ndi malonda. Koma mtima wa mwambowu uli pa cinthu cosachuka kwambiri. Mafumu afika pamaso pa Kalonga ndi mphatso zao, ndipo afotokoza m'mene dziko lao liliri: zokolola, matenda, mtendere ndi mavuto a anthu. Kulamba ndi kupereka ulemu, komanso ndi kupereka mbiri ya zimene zilipo. Mfumu yoyang'anira bwino anthu ace ndi imene yayenda m'midzi, yaona ndi maso, ndipo inena zoona ngakhale zili zowawa.

Nthawi yace nayonso inasankhidwa mwanzeru. Mu Ogasiti zokolola zili m'nkhokwe, misika yatsegulidwa, njira zauma, ndipo khasu lapacikidwa. Munthu ali ndi mpata wopenya kumbuyo.

Kusiyana kwace ndi lonjezo la Nyuwere n'koonekeratu. Lonjezo likamba za munthu amene kulibe, munthu wa mawa amene samwa, sakwiya, satopa. Kulamba kukamba za dziko limene lilipo lero. Ndipo munthu ali yense, ngakhale alibe mudzi kapena nduna, ali ndi kadziko kace koyang'anira: msana, mawondo, cifuwa, mpweya ndi mtima. Ambiri akhala m'kadziko kameneka zaka makumi asanu osakayendera, mpaka tsiku limene kawagwetsa pansi.

PHAZI NDI NG'OMA

Amene afuna kuona tanthauzo la kuyenda ndi maganizo onse aime pa bwalo la gule. Gule Wamkulu analengezedwa ndi bungwe la UNESCO mu 2005 kuti ndi cuma ca anthu a dziko lonse lapansi. Za kudambwe sizikambidwa m'nyuzipepala, ndipo pano sizikhudzidwa. Zimene aona munthu ali yense woimirira pa bwalo n'zokwanira.

Woomba mbalule sayang'ana khamu la anthu. Maso ace ali pa mapazi a cirombo, ndipo dzanja lace liyankha pomwe phazi lagunda pansi. Akangoganiza za ngongole yace kapena za mkangano wa kunyumba, ng'oma iphonya phazi, ndipo bwalo lonse limva kuti pena palakwika. Makanja akamalowa, atali kuposa tsindwi la nyumba, sitepe iri yonse iponda pamene yasankhidwa. Amai oyimba ndi kuomba m'manja naonso agwira nthawi imodzi ngati munthu mmodzi. Pa bwalo palibe za caka camawa. Pali phazi ili, ng'oma iyi, tsopano lino.

Cimodzi-modzi ku cinamwali. Anamkungwi salangiza ndi pakamwa pokha. Namwali aphunzira ndi thupi: kagwadidwe, kakhalidwe pansi, kayendedwe pamaso pa akulu, kavinidwe. Abwereza mpaka thupi lidziwa lokha. Anthu akale anazindikira kuti mwambo wongomva ndi makutu uiwalika msanga, koma wolowa m'miyendo ukhalitsa. Lonjezo la Nyuwere lithera pakamwa, ndipo miyendo siimva kanthu. N'cifukwa cace madzulo a tsiku lolandira ndalama miyendo ipita yokha kumene inazolowera.

Azungu naonso anafika pa nzeru imeneyi podzera njira yao. Mu 1979, pa sukulu ya udokotala ya yunivesite ya Massachusetts ku America, Jon Kabat-Zinn anayamba kuphunzitsa odwala a ululu wosatha ndi a nkhawa maphunziro a milungu isanu ndi itatu. Anatenga njira za kusinkhasinkha za Abuda a ku Asia, nazicotsa m'cipembedzo. Odwala anali kugona cagada ndi kuyendetsa maganizo pa ciwalo ciri conse kuyambira ku zala za kumapazi mpaka kumutu, kuyenda pang'ono-pang'ono akumva phazi likunyamuka ndi kutera, ndi kuchera khutu ku mpweya wao. Maphunziro amenewa afalikira m'zipatala za maiko ambiri. Sacotsa matenda, koma athandiza ambiri kucepetsa nkhawa ndi kupirira ululu. Kumeneko anthu alipira ndalama kuti aphunzire kumva phazi lao likuponda pansi, cinthu cimene woomba mbalule angaciseke.

MLIMI SASOWA MASEWERA

Wowerenga wina anena kuti zonsezi n'za anthu a m'maofesi, pakuti wa kumudzi agwira nchito kuyambira m'bandakuca. Ndi zoona. Bungwe la za umoyo pa dziko lonse, WHO, linalangiza mu 2020 kuti munthu wamkulu azigwiritsa nchito thupi mphindi 150 mpaka 300 pa mlungu. Mai wa kwa Kathumba m'nyengo yopalira akwanitsa zimenezo tsiku la Ciwiri lisanathe.

Munda wa lima imodzi ndi mamita 50 m'litali ndi 50 m'lifupi. Mizere ikatalikirana masentimita 90, m'mundamo mukhala mizere pafupi-fupi 55, ndipo kuiphatikiza yonse ikwana mamita 2,750. Ndiye kuti wopalira lima imodzi ayenda mtunda wa pafupi-fupi makilomita atatu ali cowerama, khasu likukwera ndi kutsika. Ambiri alima malima anai kapena kuposa, ndipo apalira kawiri. Cigubu ca malita 20 cilemera makilogalamu 20, ndipo khosi la mai kapena la mtsikana wa sukulu licisenza kangapo pa tsiku.

Cimene cisowa kumudzi si kuyendetsa thupi, koma kulimvera poliyendetsa. Ofufuza a ku Copenhagen m'dziko la Denmark, atatsatira anthu oposa 100,000, analengeza mu 2021 kuti nchito yolemetsa ya tsiku lonse sipatsa mtima phindu limene masewera apatsa, ndipo mwa ena ionjezera ngozi. Cimodzi mwa zifukwa zimene ofufuza apereka n'cakuti wosewera apumula akatopa, pamene wa nchito apitiriza maola ambiri m'kaimidwe kamodzi. Anthu amenewo sanali alimi a khasu, komabe msana wa munthu ndi umodzi-modzi.

Tsono kumvera thupi m'munda kutanthauza zinthu zazing'ono. Mlimi akafika kumapeto kwa mzere aongoke, aike manja m'ciuno, apume mpweya katatu mosafulumira, ndipo adzifunse pamene pawawa. Ululu wa minofu yotopa ndi wina, umene utha munthu akapumula. Ululu wobaya, wotsikira ku mwendo kapena wocititsa dzanzi ndi wina, ndipo umenewo ndi wofunika kuuonetsa kucipatala. Pobwerera mzere wina asinthe mwendo wotsogola ndi dzanja logwira kumapeto kwa mpini, kuti mbali imodzi ya thupi isamalipire yokha msonkho wa munda wonse. Aonenso mpini weni-weniwo. Abambo ambiri asema mipini molingana ndi msinkhu wao kapena ndi mtengo umene aupeza, osaganizira amene adzagwira khasulo. Mkodzo ukaoneka wofiirira ndi wocepa, thupi lanena kale kuti madzi acepa.

Ponyamula thumba kapena cigubu, apinde mawondo, katundu akhale pafupi ndi thupi, ndipo asapotoze ciuno katundu ali m'manja. Kupempha mnzace kuti amtwike si ulesi. Wa njinga amene mawondo amuwawa akafika ku Katete ayang'ane cishalo: cikatsika kwambiri, bondo lipindika mopitirira pa kupalasa kuli konse, kuyambira kumudzi mpaka kumsika.

Alangizi a ulimi wosunga nthaka akhala akuphunzitsa alimi kukumba maenje obzyalamo m'cilimwe, pang'ono tsiku ndi tsiku, m'malo modikira mvula kuti nchito yonse igwe pamodzi. Iwo amaganizira za kubzyala msanga, koma msana nawonso upindula.

PAMENE MIYENDO IKHOTA

Nkhani ya bambo wa kacasu uja ndiyo yovuta. Lonjezo lace linagwa cifukwa linali kulimbana ndi mdani amene sanamuonepo nkhope. Cilakolako ca mowa sicigwa kumwamba. Ciri ndi ola lace, malo ace, anzace, ndi zizindikiro zace m'thupi: kukhosi kuuma, cifuwa cithina, mapazi afulumira. Kwa wina cibwera akalandira ndalama za thonje kapena za fodya. Kwa wina cibwera akakangana ndi mkazi, kapena dzuwa likapendeka ndipo m'mimba mulibe kanthu cicokere m'mawa.

Munthu amene kwa milungu iwiri angodziyang'anira, osalumbira kanthu, adzadziwa mphambano yeni-yeni pamene miyendo yace ikhota. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Akaidziwa mphambanoyo angathe kuimapo. Madokotala othandiza anthu a mowa aphunzitsa kuti cilakolako cikwera, cifika pa msinkhu wace, ndipo citsika cokha ngati munthu saciyankha. Ali yense amene anaimapo m'mbali mwa Kapoche mvula yamphamvu itagwa adziwa zimenezi. Madzi akadzaza, wanzeru akhala pa mtunda ndi kudikira, pakuti mtsinje suthamanga motero mpaka kale-kale. Tsiku lina bamboyo adzadikira napambana, tsiku lina adzakokoloka. Kusiyana kwace n'kwakuti tsiku logwa silithetsa zonse monga licitira pa lonjezo. Lingoonjezera pa zimene adziwa za iye mwini.

Pano pafunika cenjezo. Amene wamwa kwambiri zaka zambiri, amene manja anjenjemera m'mawa asanalawe, asasiye mwadzidzidzi payekha, cifukwa angathe kukomoka kapena kuzunguzika mutu. Ameneyo apite kucipatala akathandizidwe kusiya bwino. Kulumbira kwa pa 31 Disembala kwa munthu wotere kungathe kumuika m'ngozi.

Mkwiyo nawonso uli ndi kalambula bwalo wace. Mano alumana, mapewa akwera, mpweya ufupika, ndipo zonsezi zicitika mau oipa asanatuluke. Mai amene waphunzira kuzindikira mapewa ace akukwera ali ndi kamphindi kosankha: kutula mthiko, kutuluka panja, kupita ku citsime. Kamphindi kameneko n'kakang'ono, koma m'menemo mukwana mbama imene mwana sanalandire.

CIMENE THUPI SILINENA

Kungakhale kunamiza owerenga kunena kuti kudzimvera kukwanira pa zonse. Pali matenda amene ayenda mwakacete-cete, ndipo wamkulu wa iwo ndi kuthamanga kwa magazi, kumene ambiri akucha BP. Kufufuza kumene Unduna wa za Umoyo unacita pamodzi ndi WHO mu 2017 kunapeza kuti pafupi-fupi munthu mmodzi mwa asanu a zaka 18 mpaka 69 mu Zambia anali ndi magazi othamanga kwambiri. Kunapezanso kuti anthu anali kudya mcere pafupi-fupi kuwirikiza kawiri muyeso wa magalamu asanu pa tsiku umene WHO ilangiza, umene ndi kasupuni kamodzi ka tiyi.

Wodwala BP kawiri-kawiri samva kanthu. Alima, apalasa njinga, avina pa ukwati, ndipo tsiku lina agwa m'munda, pakamwa papotoka, dzanja ndi mwendo wa mbali imodzi zifa, mau amveka ngati a woledzera. Pamenepo abale ayamba kuloza zala kwa nkhalamba ya m'mudzi kapena kwa mbale amene anakangana naye za malire a munda, ndipo maola ofunika atha ali m'njira ya kwa sing'anga. Munthu woonetsa zizindikiro zimenezi afunika kufika kucipatala tsiku lomwelo, ola lomwelo ngati kungatheke. Cipatala ca St Francis ku Katete, cimene cinayamba mu 1948, ndi zipatala zazing'ono za m'madera ndiko koyenera kuthamangira.

Ngakhale pamenepa khalidwe la kulamba lithandiza. Mfumu imene siingathe kuona mudzi wakutali ituma nduna kuti ikaone. Makina opimira magazi ndiyo nduna yotere. Ndipo munthu wozolowera kudziyendera ndiye afulumira kuzindikira kuti phiri limene anali kukwera osaima tsopano limudula mpweya, kuti mapazi atupa madzulo, kuti ludzu ndi kukodza usiku zacuruka, kapena kuti cifuwa catha milungu iwiri osaleka. Namwino athandiza msanga munthu amene anena tsiku limene vuto linayamba ndi nchito imene ilikulitsa, kusiyana ndi amene angoti thupi lonse liwawa.

Kudziyendera kumeneku sikufuna tsiku lapadera kapena mboni. Nthawi yabwino ndi madzulo, nsima itadyedwa, munthu atakhala pa mphasa. Ayambe ku mapazi, akwere ku mawondo, m'ciuno, pamsana, m'mapewa, aone pamene pathina ndi pamene pamasuka, ndipo akumbukire ola limene mtima unatentha tsiku limenelo ndi cimene cinautenthetsa. Sadziweruza ndipo salumbira. M'banja limene mwamuna ndi mkazi auzana zimene apeza, kugawana nchito ya mawa kusintha kokha: amene msana wabaya apita kukathira feteleza, wina agwira khasu.

Kupimitsa magazi sikutenga nthawi. Wopimidwa ayenera kukhala pansi mphindi zisanu asanamangidwe lamba pa mkono, maka-maka ngati wabwera pa njinga kapena wayenda mtunda. Manambala akafika 140 pa 90 kapena kupitirira, afunika kupimidwanso tsiku lina, pakuti kupima kamodzi sikugamula mlandu. Apemphe namwino kuti alembe manambalawo ndi tsiku lace m'kabuku ka kucipatala. Amene apimitsa mu Januwale, khasu liri m'manja, angapimitsenso mu Ogasiti, pamene magalimoto ayamba kukhota pa mseu waukulu kulowera ku Mkaika, ndipo adzakhala ndi manambala awiri oyerekeza.